Mmene mungaphunzitsire galu kuyenda pambali panu osakoka chingwe

Mukangotsegula geti galu uja ali kale patsogolo, chingwe chakungika, iye akukhosomola chifukwa tcheni chamuthina pakhosi, inu mkono ukuwawa mpaka paphewa, anthu pamsewu akupatukirani kutali poopa kuti akupulumukani. Ambiri akafika apa amangoti basi azikhala mumpanda momwemo, kenako tsiku lopita naye kukatemera ndiye imakhala nkhondo.

Chimene tikufuna ndi ichi: phewa la galu likhale pafupi ndi bondo lanu, chingwe chili lendee, iye akumakuyang'anani kumaso pafupipafupi kuti aone mukulowera kuti. Ndipo nkhani yonse yagona pa malipiro. Galu ali ngati waganyu, amakhazikika pamene pakutuluka malipiro, ndiye ngati zabwino zonse zili kutsogolo uko (fungo, nkhuku, agalu anzake) ndipo pamwendo panu pali kukalipa kokhakokha, musadabwe kuti sakufunapo.

## Zofunika kukhala nazo

- Lamba wa pakhosi wophwatalala, wachikopa kapena wansalu yolimba. Mukamumanga zala zanu ziwiri zizilowa pakati pa lambayo ndi khosi, koma asamavuke mukamukokera kumutu. Tcheni chija chimathina galu akakoka chisiyeni, chimavulaza kholingo ndipo galu amangochizolowera nkumakokabe.
- Chingwe cha mita imodzi ndi theka kapena mamita 2. Zingwe zija zimatalika zokha galu akamakoka si zapantchito iyi ayi, zimamuphunzitsa kuti kukoka ndiye kumapindula.
- Tizakudya tokoma kuposa zimene amadya tsiku ndi tsiku. Chiwindi chowiritsa ndiye nambala wani, mudule tizidutswa tofanana ndi njere ya chimanga. Usipa wopanda mchere wambiri nawonso umagwira, kapena tinyama totsala topanda tsabola ndi anyezi. Anyezi, chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa galu, mafupa a nkhuku ophika amathetheka nkumubaya, zimenezo zisalowe m'thumba.
- Kathumba komangirira m'chiuno, olo thumba la thalauza lakale mutaikamo kajumbo. Chofunika ndi choti dzanja lizitenga msanga osachita kufufuza.
- Malo achete okhala ndi khoma lalitali, kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa mpanda.
- Mawu atatu amene pakhomo ponse mugwirizane. Ine pano ndigwiritsa "eya" (wakhoza, landira), "pambali" (bwera pamwendo) ndi "pita" (wamasuka). Mukhoza kusankha anu, galu alibe nazo ntchito kuti ndi Chichewa kapena Chizungu, bola akhale afupi ndipo asasinthesinthe.

Muziphunzitsa galu asanadye, osati kumumana chakudya tsiku lonse ayi, kungoti asakhale atakhuta. Ndipo zimene wadya pophunzira muzichotsere pa chakudya chamadzulo kuti asanenepe udyo.

## Kumanzere kapena kumanja?

M'mavidiyo ambiri muona galu ali kumanzere kwa mwini wake chifukwa ku mipikisano ya agalu ndi mmene amachitira. Koma taganizani za misewu yathuyi. Magalimoto kuno amayenda kumanzere, woyenda pansi amayenera kukhala mbali yakumanja kwa msewu kuti aziona galimoto ikubwera kutsogolo kwake, ndiye galu akakhala kumanzere kwanu ndiye kuti iyeyo ndi amene ali kumatayala a minibasi ndi a kabaza. Ngati mulibe maganizo a mipikisano ndipo mumayenda m'mbali mwa tala, ine ndinganene kuti kumanja kuli bwino. Sankhani mbali imodzi mukakamire yomweyo. M'munsimu ndikamati "dzanja la kugalu" kapena "mwendo wa kugalu" ndikunena mbali imene mwasankhayo.

## Sitepe 1: Mawu oti "eya" akhale ndi tanthauzo

Imani ndi galu pamalo achete aja, chingwe palibe. Nenani "eya" kamodzi, kenako dzanja lipite m'thumba mumupatse kachidutswa. Dikirani pang'ono, bwerezani. Kakhumi kapena kupitirirako pang'ono, mupume, madzulo muchitenso. Simukumuuza kuti achite kalikonse, mukungomangirira mawuwo ku chakudya. Mudziwa kuti zalowa mukanena "eya" iye akuyang'ana kwina nkutembenuka msangamsanga makutu ali njo.

Chenjezo: mawu ayambe, dzanja litsatire. Mukamanena "eya" dzanja lili kale m'thumba, galu amangophunzira kuyang'ana thumba ndipo mawu anuwo sawamva nkomwe.

## Sitepe 2: Akuyang'aneni kumaso

Fumbatani kachidutswa, tambasulani mkono kumbali, mukhale chete. Galu ayang'ana dzanjalo, mwina adumpha, mwina anyambita kapena kuuwa, inu osasuntha. Pakapita kanthawi atopa nkukuyang'anani kumaso ngati akufunsa kuti nanga bwanji, pomwepo "eya" ndi kumupatsa. Poyamba olo atangoponya diso kamphindi kochepa zedi mulipireni, kenako muzidikira masekondi 2, kenako 3, mpaka 5.

Anthu amaithamangira sitepe iyi chifukwa sioneka ngati ikukhudzana ndi kuyenda, koma galu amene sakuyang'anani mutaima sangakuyang'aneni mukuyenda pali mbuzi patsogolo. Ngati ndi galu wamantha, amene anazolowera kumenyedwa, musamutong'olere maso, yang'anani cham'mbali pang'ono ndipo mukhale pansi kapena pampando kuti musaoneke wamkulu kwambiri.

## Sitepe 3: Musonyezeni malo ake mutaima

Apa simukuyenda. Galu ali patsogolo panu, kachidutswa kali m'dzanja la kugalu pamphuno pake. Bwezani mwendo wa kugalu m'mbuyo sitepe imodzi, dzanja litsogolere mphuno yake kupita kumbuyo kwanu, mumukhotetse kuti atembenuke, kenako bwezerani mwendo uja pamalo pake dzanja likubwera nalo kutsogolo mpaka lifike pamsoko wa thalauza. Galu apezeka waima pambali panu akuyang'ana komwe inu mukuyang'ana. "Eya", mupatseni pomwepo, muwonjezere tina tiwiri titatu ali pamalo omwewo kuti aone kuti apa ndiye pamgodi. Kenako "pita", ponyani kachidutswa patsogolo kuti achoke, akabwerera muyambirenso.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza apa. Choyamba ndi matako a galu kuthawira kunja, mutu uli pabondo panu koma thupi lapingasa. Mankhwala ake ndi khoma lija: imani moti galu akhale pakati pa inu ndi khoma, kampata kake kakhale kongomukwana, alibe kothawitsira matako. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chimawononga agalu ambiri, ndi dzanja loperekera. Mukamupatsa ndi dzanja la mbali inayo, kapena mukamamupatsira kutsogolo kwa mimba yanu, galu ayamba kumadutsa kutsogolo kwa miyendo yanu kulondola kumene chakudya chikuchokera, tsiku lina adzakupingani mugwe naye. Chakudya chizitulukira pamsoko wa thalauza wa mbali yake, pamene mukufuna kuti mphuno yake izikhala, nthawi zonse.

Ngati ndi kagalu kakafupi koti msana ukupwetekani kuwerama, pakani tichiwindi tonyenya kunsonga kwa mthiko wakale muzikatsitsira pamenepo.

## Sitepe 4: Phazi limodzi, kenako awiri

Galu ali pamalo pake, nyamukani ndi mwendo wa kugalu chifukwa ndi umene iye akuuona pafupi, ukasuntha akudziwa kuti tanyamuka. Pondani kamodzi kokha, akasuntha nanu "eya", mulipireni pamsoko. Inde kamodzi kokha. Zikatheka kangapo motsatizana pitani pa mapazi awiri, kenako atatu, kenako asanu, koma osangokwera mokwera, pena bwererani pa limodzi kuti asamadziwiretu kuti malipiro abwera liti.

Nenani "eya" mukuyenda, pamene iye ali pamalo oyenera, osati mutaima kale. Mukamadikira kuti muime kaye ndiye mumuyamikire, chimene akuphunzira ndi choti kuima ndiye kumalipira, kuyenda pambali ayi.

Yendani mochangamuka. Galu mayendedwe ake achibadwa ndi othamangirako kuposa athu, ndiye mukamayenda mwaulesi ngati mukupita kumaliro iye amatopa nanu nkuyamba kununkhiza pansi. Phunziro limodzi lisapitirire mphindi 3 mpaka 5, kagalu kakang'ono olo mphindi 2 zakwana, kawiri kapena katatu patsiku. Muzisiya iye akadafunabe.

## Sitepe 5: Chotsani chakudya m'dzanja, lowetsani mawu

Musachedwe nayo sitepe iyi. Galu akangoyamba kutsatira bwino, chakudya chibwerere m'thumba, dzanja lopanda kanthu lizichita chimodzimodzi ngati muli chinthu. Akafika pamalo pake "eya", ndiye mutenge m'thumba mumupatse. Akazindikira kuti dzanja lopanda kanthu nalonso limabala, yambani kulikweza pang'onopang'ono kuchoka pamphuno pake mpaka likhale pachiuno kapena pamimba panu, maso ake azikwera nalo kulowera kunkhope kwanu.

Mawu oti "pambali" abwere tsopano, osati poyamba paja. Nenani kamodzi, dikirani kamphindi, kenako dzanja lisonyeze. Pakapita masiku muona kuti wayamba kubwera musanasunthe dzanja.

Chenjezo: "pambali, pambali, pambali iwe, ndati pambali!" ndi njira yachangu yophera mawuwo. Mukanena kamodzi iye osabwera, ndiye kuti sanamvetse kapena malowo amukulira, bwererani sitepe imodzi m'mbuyo.

Wina afunsa kuti nanga kumuzoloweza kudya m'manja sikupangitsa kuti azilandira nyama ya akuba? Galu wosaphunzira nayenso nyama yoponyedwa mumpanda amadya, makamaka wanjala. Kukana chakudya cha mlendo ndi phunziro lina palokha, silikutsutsana ndi ili.

## Sitepe 6: Kukhota, kusintha liwiro ndi kuima

Kuyenda mzere wowongoka kokhakokha kumagonetsa galu, chimene chimamupangitsa kukhala tcheru ndi kusadziwa kuti mukhotera kuti. Yambani ndi kukhotera mbali imene kulibe galu, apa iye ali kunja kwa kona ndiye ayenera kufulumira kuti akupezeni, mulimbikitseni ndi mawu okoma ndipo mumulipire akangofika pabondo. Kukhotera kugalu ndi kovutirapo chifukwa ayenera kuchepetsa liwiro ndi kubweza matako, chepetsani mapazi anu, dzanja libwerere m'mbuyo pang'ono kuti mutu wake usakutsogolereni, ndipo musamugunde ndi bondo dala ngati mmene ena amachitira.

Zikayamba kuyenda ikani ndowa ziwiri motalikirana mapazi anayi kapena asanu muzizizungulira ngati mukulemba 8, mukatero makona onse awiri akulowa mu ulendo umodzi. Sakanizani ndi kuthamanga pang'ono, kuyenda pang'onopang'ono, kutembenuka kubwerera komwe mwachokera.

Poima, ngati amadziwa kale kukhala pansi, chepetsani liwiro pa mapazi awiri omaliza, imani, kwezani dzanja pamwamba pa mphuno yake akhale. Mukabwereza kokwanira azidzakhala yekha mukangoima, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri podikira kuwoloka msewu.

## Sitepe 7: Tsopano chingwe

Mwaona kuti mpaka pano chingwe sitinachigwiritse ntchito. Ndi dala. Chingwe ntchito yake ndi kuteteza kuti galu asathawire pamsewu, si chiwongolero. Chigwireni ndi dzanja la mbali inayo, chidutse kutsogolo kwanu chili lende, dzanja la kugalu likhale lomasuka loperekera chakudya. Osachikulunga pamkono, galu wamkulu ngati Boerboel akanyamuka mwadzidzidzi akhoza kukuthyolani zala kapena kukukhwekhwerezani.

Bwerezani masitepe 3 mpaka 6 mumpanda momwemo chingwe chili pakhosi. Akatsogola nkuchikunga, imani nji, osakoka, osanjanja. Galu ukamukokera kumbuyo thupi lake limakankhira kutsogolo lokha, ndi chibadwa, ndiye mpikisano wokokana simungawine. Dikirani atembenuke, muitanireni pamwendo, yendani naye mapazi awiri atatu ali pamalo pake ndiye mumulipire. Mapazi awiri atatuwo ndi ofunika, chifukwa mukamulipira atangobwerera agalu ochenjera amatulukira bizinesi: ndikoke, ndibwerere, ndidye, ndikokenso. Ngati sakutembenuka, tembenukani inu mubwerere komwe mwachokera mwakachetechete, akakupezani mupitirize.

## Sitepe 8: Kutuluka pageti

Musanatuluke onetsetsani za katemera. Wachiwewe amabaya kuyambira miyezi itatu, ndipo kagalu kamene sikanamalize akatemera ake a matenda ena monga parvo, akatemera amene nthawi zambiri amatha kagaluko kali ndi masabata ngati 16, kasapondeponde pamene pamadutsa agalu osadziwika. Avetenale a m'dera lanu akuuzani ndondomeko, ku Lilongwe kulinso a bungwe losamalira nyama la LSPCA, ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe kuyambira 2015. Kuphunzira mumpanda kokha kukhoza kuyamba kagalu kali ndi miyezi iwiri.

Galu amene amachita bwino kuseri kwa nyumba akafika kunja amakhala ngati sanaphunzirepo kalikonse, musakhumudwe, agalu onse amatero, kwa iye malo atsopano ndi phunziro latsopano. Ndiye kwerani pang'onopang'ono: kutsogolo kwa nyumba, pageti lotseka, pageti lotsegula koma osatuluka, kanjira ka kutsogolo kwa geti m'mamawa anthu asanachuluke, kenako msewu. Malo aliwonse atsopano bwererani pa phazi limodzi ndi malipiro a pafupipafupi, ndipo chiwindi chija chisungireni kunjaku, mumpanda usipa ukwana.

Nkhuku, mbuzi, ana osewera mpira, njinga zamoto, zonsezi muzithana nazo ndi mtunda. Ngati pa mamita 5 kuchoka pamene pali nkhuku galu wauma thupi, maso ali tong'o ndipo chakudya akuchikana, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, palibe chimene angaphunzire pamenepo. Bwererani m'mbuyo mpaka pamene akuionabe nkhukuyo koma akutha kudya ndi kumva dzina lake, kaya ndi mamita 15 kaya 20, muphunzitsireni pamenepo, mawa muyandikireko pang'ono. Akayang'ana nkhuku nkubweza yekha maso kwa inu, ameneyo mulipireni mowolowa manja, tizidutswa tinayi tisanu motsatizana.

Za dzuwa: miyezi ya October ndi November tala amatentha moti amawotcha mapazi a galu. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi, ngati simungapirire masekondi 5 ndiye kuti iyenso sangapondepo. M'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo mutenge madzi.

## Sitepe 9: Chepetsani malipiro, koma osawathetsa

Akakhazikika yambani kutalikitsa, mapazi 10, kenako 4, kenako 20, mosakaniza. Ndipo si chakudya chokha chimene chili malipiro. Kununkhiza ndi chinthu chimene galu amachikonda kwambiri, ndiye chigwiritseni ntchito: wayenda bwino pambali mpaka pamtengo uja, "pita", mupatseni utali wonse wa chingwe osachitaya akanunkhize mpaka akhutire, kenako "pambali" mupitirize.

Kuyenda pamwendo maso ali kwa inu ndi ntchito yotopetsa mutu, si yoti achite ulendo wonse wa ola lathunthu. Ndi ya podutsana ndi anthu panjira yopapatiza, powoloka msewu, podutsa pamene pali ana kapena galu wina. Kwina konseko ayende momasuka, lamulo likhale limodzi loti chingwe chisakungike.

## Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kumutulutsa m'khola nkuyamba phunziro pomwepo. Agalu ambiri kwathu kuno amatsekeredwa usana wonse nkumasulidwa usiku. Galu wotero akatuluka thupi lonse limakhala likuyabwa, ayenera athamange kaye, akodze, anunkhize mpanda wonse kwa mphindi 10 kapena 15, ndiye muyambe. Ndipo kunena zoona galu wokhala m'kakhola kothina maola onsewo amavuta kuphunzitsa china chilichonse.

Pakhomo aliyense ndi malamulo ake. Inu mukuima akakoka, koma mwana wanu kapena mnyamata wantchito akamutenga amathamanga naye kumene iye akufuna. Galu akapindula ndi kukoka olo mwa apo ndi apo, sasiya. Aitaneni onse aone mmene mukuchitira, mawu akhale amodzi, mbali ikhale imodzi, amene sangakwanitse asamatuluke naye kaye.

Kamtengo m'manja. Mukamukwapula kuti abwerere m'mbuyo abwereradi, koma aziyenda chotsalira, mutu pansi, mchira pakati pa miyendo, akuyang'ana kamtengoko osati nkhope yanu, ndipo tsiku limene mulibe kamtengo zonse zatha. Enanso amaopa kuti galu wophunzitsidwa mofatsa sadzalondera, koma kuuwa mlendo pageti usiku sikuchoka chifukwa choti galu waphunzira kuyenda bwino pachingwe.

Kuiwala kumumasula. Mukamangosiya phunziro osanena "pita", galu amayamba kudzisankhira yekha nthawi yochoka pamwendo, ndipo nthawiyo imanka ifupika.

Maso pafoni. Mukufuna galu azikuyang'anani inu muli pa WhatsApp, iye wakuponyerani diso katatu konse simunaone, kachinayi saponyanso.

Kutaya mtima akafika pa unyamata. Chapamiyezi 6 mpaka chaka ndi theka agalu ambiri amachita ngati aiwala zonse, makutu agontha, mphuno ili pansi. Si kuti mwalephera, bwererani mumpanda pa sitepe 3 ndi 4 kwa masiku angapo, malipiro achuluke, mutulukenso. Chimodzimodzi galu wamkulu amene wakoka zaka zambiri, amaphunzira ndithu koma zimatenga nthawi yotalikirapo kuposa kagalu, ndiye masiku oyambirira mphamvu zake azithera mumpanda ndi mpira m'malo momuyendetsa maulendo ataliatali amene akungobwereza kukoka komwe kuja.

Kusaona kuti galu akudwala. Amene amayenda bwino nkuyamba mwadzidzidzi kutsalira, kukhala pansi pafupipafupi kapena kukana chakudya chimene amachikonda, muyang'aneni mapazi ngati mwalowa minga, m'makutu ndi pakati pa zala ngati muli nkhupakupa, ndi nkhama zake ngati zayera. Nkhama zoyera ndi kufooka kawirikawiri ndi matenda a nkhupakupa ndipo amapha msanga, siyani zophunzitsa mupite naye kwa avetenale tsiku lomwelo.